Kalata Yomata ya a Tsegulani

Madalaivala a malole ndiwo anawapatsa dzina loti a Tsegulani, ndipo linawakanirira moti ngakhale apongozi awo ankawatchula choncho. Anali wosunga katundu pa kampani yogulitsa zipangizo zomangira nyumba: misomali, maloko, mapaipi, penti, matailosi. Kwa zaka khumi ndi zisanu palibe katoni imene inadutsa pachitseko chawo chachitsulo isanang'ambidwe pakamwa. Kaya dalaivala wabwera ndi makatoni makumi anayi omata bwino ndi tepi ya kufakitale, kaya mvula ikugwa, kaya achite kugwada kuti akufulumira, iwo ankangosolola kampeni kawo ka chogwirira chofiira n'kunena mosakweza mawu, “Tsegulani tione.”

Khalidweli sanabadwe nalo. M'chaka chawo chachiwiri pantchito anasayinira makatoni khumi a mahinjesi a zitseko osayang'anamo, chifukwa dalaivala wake anali munthu wansangala amene anawafunsa ngakhale za moyo wa kunyumba. Patapita sabata kunapezeka kuti m'makatoni atatu munali zidutswa za njerwa zokulungidwa m'nyuzipepala. Ntchito inatsala pang'ono kuwathera. Abwana, mwini kampaniyo, anawayang'ana nthawi yaitali pamwamba pa magalasi, kenako n'kuwakhululukira. Kuyambira tsikulo a Tsegulani anasiya kukhulupirira zinthu ziwiri: chinthu chomata ndi munthu womwetulira.

Vuto linali lakuti khalidwelo ankaweruka nalo. Dzira ankayamba aligwedeza pafupi ndi khutu. Bokosi la machesi ankalitsegula mbali zonse ziwiri. Akazi awo, mayi wosoka makatani amene makina ake ankakhala pazenera la pabalaza, ankauza anzawo kuti pa tsiku la ukwati bamboyo anawavundukula chophimba kumaso kawiri, kachiwiriko pofuna kutsimikiza kuti sanamusinthire munthu. A Tsegulani ankaikana nkhani imeneyi, koma osati mwamphamvu.

Chimene chinawabwezera kusukulu ali ndi zaka makumi anayi ndi zitatu chinali mpando wa manijala. Katatu konse mpandowo unakhala wopanda munthu, ndipo katatu konse kunabwera munthu wa tayi ndi pepala la sukulu ya zamalonda, wosatha kusiyanitsa msomali wa denga ndi wa thabwa. A Tsegulani ndiwo ankamuphunzitsa ntchito, kenako n'kumamuyankha kuti “chabwino, bwana.” Zinkawawawa kwambiri, ndipo sankabisa. Choncho anatumiza mafomu ku sukulu ziwiri zophunzitsa anthu apantchito Loweruka. Ina inali yaikulu, ya mpanda ndi mlonda wa yunifolomu, imene pepala lake ukalionetsa anthu amakukokera mpando. Inayo inali yaing'ono, ya zipinda zinayi pamwamba pa sitolo ya matayala. Iyi anangoilembera chifukwa akazi awo anawaumiriza.

Sukulu zonse ziwiri zinkafuna kalata ya abwana yowachitira umboni, yoikidwa mu envelopu yomata, abwanawo atasayina modutsa pomatapo. Abwana analemba makalata awiri, anamata, anasayina, n'kuwapatsa m'manja. Tsono mukuganiza kuti munthu ngati ameneyu akanatumiza chinthu chomata, chonena za iye mwini, osaona mkati? Pa nthawi yopuma masana anatseka chitseko cha kaofesi kawo, anayatsa ketulo, n'kuyandikiza maenvelopuwo pa nthunzi mpaka anayasama okha. Makalatawo anali ofanana, mizere isanu basi: wolimbikira, sajomba, ntchito amaidziwa. Anaona kuti ndi aafupi koma mulibe choipa. Anamatanso ndi guluu, anatsindika ndi chala chachikulu, n'kukaponya. Kwa iwo imeneyi sinali nkhani yoti n'kumaikumbukira. Inali ntchito ya masiku onse.

Mayankho anafika tsiku limodzi, Lolemba. Sukulu yaikulu inalemba mwachidule kuti pempho lawo silinaunikidwe n'komwe chifukwa mapepala anali osakwanira, ndipo atha kuyesanso chaka chamawa. Yaing'ono ija inalemba tsamba lathunthu lowayamikira, n'kuwauza kuti akasayine fomu yovomera malo isanakwane folo koloko Lachisanu. Chovuta chinali lamulo la kampani: wantchito ankaloledwa kumasowa Loweruka chifukwa cha sukulu imodzi yokha pa nthawi yonse ya ntchito yake. Akalowa yaing'ono, yaikuluyo aiwale. Akadikira, adikire chaka chathunthu popanda amene wawalonjeza kanthu.

A Tsegulani anaika makalata awiriwo pathebulo, moyandikana, n'kuwayang'ana ngati anthu awiri amene agwirizana bodza.

“Osakwanira? Ine?” anatero. “Ndinawerenga mndandanda wawo katatu. Pali munthu wandiponda apa.”

“Nanga enawo akulandiranitu,” anatero akazi awo, phazi lili pamakina.

“N'chifukwa chake ndikuwakayikira. Iwowo mapepala omwewo awaona okwanira bwanji? Ndiponso kalata yawoyi ikumwetulira kwambiri.”

“Kalata imamwetulira, bambo?”

“Iyi ikumwetulira. Inuyo mukuti nditani?”

Mayiwo anaimitsa makina. “Ine sindinena kanthu. Ndikati pitani, mudzati ndikufuna ndizikhala ndekha Loweruka. Ndikati dikirani, mudzati sindikufuna mutukuke. Zaka makumi awiri zandiphunzitsa kusunga pakamwa panga.”

Bamboyo anayamba kuganizira chifukwa chimene akazi awo akanira kunena.

Lachiwiri masana anapita kukaiyendera sukulu yaing'ono ija monga momwe ankayendera lole. Sanalowere kutsogolo. Anazungulira kuseri kwa sitolo ya matayala, anasuzumira m'migolo ya zinyalala, n'kupezamo mapepala a mayeso ochongedwa ndi inki yofiira, kusonyeza kuti kuli wina amene amachongadi. Anakwera masitepe akugwedeza chitsulo chogwirira. Chinali cholimba. M'kalasi anaweramira pansi pa matebulo, anayatsa ndi kuzimitsa getsi, n'kupaka chala pa setifiketi ya chilolezo imene inali pakhoma kuti aone ngati chidindo chake chisuluke. Sichinasuluke. Mlembi wa pasukulupo, bambo wonenepa wa dazi, anawafunsa ngati angamwe tiyi. Iwo anakana. Anatsika masitepe mtima uli wolemera kuposa pokwera, chifukwa kwa munthu ngati iwo kusapeza cholakwika kunkangotanthauza kuti chabisidwa mwaluso.

Atabwerera kuntchito, wachiwiri wawo, munthu amene anagwira naye ntchito zaka zisanu ndi ziwiri, anawagwira paphewa.

“Achimwene, tengani malowo. Mwayi woterewu suchedwa kuuluka. Za Loweruka musadandaule, makiyi ndizisunga ndine.”

Makiyi! A Tsegulani anamva mawu amenewo okha. Anagwira thumba la buluku n'kumva kuti makiyi akadali momwemo.

Kenako abwana anawaitanitsa. Anali atakalamba tsopano, maso akuchita khungu, ndipo magalasi awo anali okhuthala ngati pansi pa botolo.

“Ndamva nkhani yanu,” anatero abwana. “Mukandifunsa ine, dikirani. Inu si munthu wophunzira pamwamba pa matayala. Chaka si kanthu.”

“Chabwino, bwana,” anayankha a Tsegulani, koma m'mutu zinali zitayamba kale kulumikizana. Mkuluyu akufuna ndikalambire pachitseko chachitsulo. Kalata yake inali ya mizere isanu. Ndani akudziwa ngati sanaimbe foni kusukuluko kumbali? Mmodzi akuti pita kuti atenge makiyi, wina akuti khala kuti asataye mlonda wa makatoni ake. Kunalibe ngakhale mmodzi wolangiza ndi mtima woyera.

Lachitatu m'mawa anapempha maola awiri, anavala jekete, n'kupita kusukulu yaikulu kuti akagwire wakuba ndi manja awo. Ofesi yolandirira mafomu inali ndi kauntala yaitali, ndipo kuseri kwake kunali mayi wowonda, wa imvi, wosamwetulira ngakhale pang'ono. A Tsegulani anamukonda nthawi yomweyo.

“Amayi, mwalemba kuti mapepala anga ndi osakwanira. Ndikufuna kudziwa chimene chikusowa, ndiponso amene anachichotsa.”

Mayiyo anafunsa nambala, analowa mkati, n'kubwera ndi faelo. Anasolola envelopu n'kuiika pakauntala chafufumimba.

“Palibe chimene chinachotsedwa, bambo. Kalata ya umboni ndi iyi. Sitinaiwerenge.”

“Chifukwa?”

“Inatsegulidwapo.” Analoza ndi msonga ya pensulo. “Onani sayini ya abwana anuyi. Mchira wa chilembo chomaliza wayambira apa, koma ukupitirira apa, pambali pang'ono. Pepala lachita makwinya a nthunzi. Ndipo guluu uyu si wa envelopu, ndi wa mapaipi. Mununkhizeni.”

A Tsegulani sanafunikire kununkhiza. Guluuyo ankamudziwa, shelefu yachitatu kumanzere.

“Mwina kupositi,” anatero ndi mawu aang'ono.

“Mwina,” anatero mayiyo, akuwayang'ana m'maso. “Ine sindifufuza kuti watsegula ndani. Lamulo ndi lakuti kalata ifike momwe wolemba anaimatira. Mumagwira ntchito yanji, bambo?”

“Ndimalandira katundu.”

“Katoni itabwera tepi yake itadulidwa n'kumatidwanso, mungaisayinire?”

“Ayi.”

“Ndiye tamvana. Mafomu a chaka chamawa tiyamba kulandira mwezi ukubwerawu. Mapepala anu enawa ndi abwino, sindikubisirani. Mubweretse kalata ina, yosakhudzidwa.”

Anatuluka pageti osamuona n'komwe mlonda amene anawachitira sawatcha. Masiku awiri athunthu anakhala akusakasaka mdani, osadziwa kuti mdaniyo akuyenda naye m'jekete limodzi. Komabe, chodabwitsa, ulemu wawo pa sukulu yaikuluyo unakula. Imeneyi ndiye inali sukulu, yogwira ngakhale guluu wa mapaipi. Yaing'ono ija inalandira envelopu yotsegulidwa chimodzimodzi osaona kanthu, mwinanso inaona n'kutsinzina. Anaganiza zodikira chaka.

Masana omwewo anagogoda kwa abwana. Zoona zake anazibisa.

“Bwana, akuti kalata yanu ija inawonongeka m'njira. Pafunika ina.”

“Mwachita bwino kubwera lero,” anatero abwana. “Mawa ndinyamuka. Ndikupita kwa mwana wanga wamkazi, akandichite opaleshoni ya maso, ndipo ndikabwerako sindidzakhalanso pampando uno. Atenga ndi mwana wanga wamwamuna, amene ngakhale dzina lanu lenileni salidziwa. Khalani panja pang'ono.”

Anakhala pabenchi ola lathunthu. Ola! Kalata yoyamba ija inatenga mphindi khumi. Chitseko chitatseguka, abwana anawapatsa envelopu yofiirira, yomata, sayini itadutsa pomatapo. Inali yolemererapo kuposa yoyamba ija. Ndipo powapatsa, mkuluyo anamwetulira.

Kunyumba anaulula zonse kwa akazi awo, za nthunzi, za guluu, za mayi wa imvi uja. Mayiwo sanaseke, ngakhale milomo inkanjenjemera. Anapinda katani imene ankasoka, n'kukhala moyang'anizana nawo.

“Lero ndiye ndinena, bambo. Kalata iyi muisunge mwezi wathunthu musanakaipereke. Inuyo, mwezi, ndi chinthu chomata. Ndipatseni ndikusungireni.”

A Tsegulani anaikokera envelopuyo pachifuwa. “Mukaisunga kuti?”

“Mwaona? Ngakhale ine.” Mawu a mayiwo anatsika, ndipo munali chisoni. “Chabwino, sungani nokha. Ikafika Lachisanu folo koloko ili yomata, ndiye kuti ndinu munthu wa sukulu yaikulu, ndipo ndidikira nanu chakacho. Koma mudziwe kuti ina yachitatu kulibe.”

Lachinayi abwana anatsanzika antchito n'kunyamuka. Envelopu inali m'thumba la mkati la jekete, ndipo tsiku lonse a Tsegulani ankaimva ngati kamwala m'nsapato. Anaiyang'anitsa padzuwa, koma pepala lofiirira silionetsa kanthu. Anaiika pasikelo ya misomali ing'onoing'ono n'kupeza kuti muyenera kukhala masamba awiri. Masamba awiri a chiyani? Munthu wosaona bwino angalembe zabwino zokhazokha kwa ola lathunthu? Kapena wakumbukira njerwa zija? Munthu amene akuchoka saopa kanthu, amatha kukhuthula zonse zimene anasunga mumtima zaka khumi ndi zisanu. Ndipo kumwetulira kuja. Dalaivala wa njerwa uja nayenso anamwetulira chomwecho. Tsikulo anatsegula makatoni a eni mwaukali moti dalaivala wina anafunsa ngati kunyumba kuli bwino.

Lachisanu linafika envelopu ili yomata. M'mawa akazi awo anaiyang'ana mbali zonse, anaibweza, n'kuwakonza kolala ya jekete mwachikondi chimene anali atachiiwala. Kunatsala maola asanu ndi atatu okha.

Pa nthawi yopuma masana wachiwiri wawo anatuluka kukadya. A Tsegulani anatseka chitseko cha kaofesi n'kuyatsa ketulo, ya tiyi basi. Madzi akuwira, anaganiza motere: ngati m'kalatamu muli njerwa zija, ndiye kuti nditaya malo otsimikizika lero, ndidikira chaka, kenako andikanenso, ndipo ndidzakhala nditasayinira ndekha katoni ya njerwa kachiwiri. Munthu wanzeru angalole zimenezo? Sankafuna kutsegula yonse ayi. Kangodya kamodzi kokha, kutali ndi sayini, kongokwanira kuona mzere umodzi. Ulendo uno anali ndi guluu weniweni wa mapepala.

Nthunzi simva malangizo. Inalowa pakangodya paja n'kuyenda yokha, ndipo abwana anali atasayina ndi cholembera chawo chakale cha inki yamadzi. A Tsegulani anaona dzina la mkuluyo likusungunuka, likutsetsereka pa envelopu ngati dontho la penti pakhoma. Anaichotsa msanga, anaipemerera, anaitsindika ndi mpango. Mpangowo unatenga theka la sayini.

Anakhala pansi. Panalibenso choteteza, choncho anasolola masamba awiri aja.

Zilembo zinali zazikulu, zokhotakhota, za munthu wolemba mphuno ili pafupi ndi pepala. Za njerwa zinalimo ndithu. Abwana analemba kuti munthuyu analakwitsa kamodzi ali wamng'ono pantchito, ndipo sanabwerezenso. Analemba kuti mamanijala atatu anaphunzira ntchito m'manja mwake, ndipo chinali cholakwa cha kampani kusamukweza. Analemba kuti akupepesa kuti kalata yawo yoyamba inali yaifupi, poti maso ankawavuta tsikulo. Ndime yomaliza inali ya mizere iwiri: “Munthu uyu mutha kumusungitsa chinthu chilichonse osachiyang'ananso kawiri. Ine ndamukhulupirira zaka zonsezi, ndipo sanandichititsepo manyazi.”

Ketulo inazima yokha. A Tsegulani anawerenga ndimeyo kachiwiri, n'kuona kuti maso awo sakuonanso bwino. Analira, mwakachetechete, atatsamira pashelefu ya maloko. Sikuti ankalirira sukulu yaikulu ija kwenikweni. Chinawapweteka chinali chakuti mkuluyo anakhala ola lathunthu akuvutika ndi maso kuti alembe mawu amenewo, pamene iwo anali pabenchi panja akumuyesa mdani.

Itakwana hafu pasiti fili anaitana wachiwiri wawo, anatulutsa makiyi m'thumba n'kumuponyera.

“Mutseke ndinu lero. Ndipo muzolowere, Loweruka lililonse akhala anu.”

Munthuyo anayang'ana makiyiwo ngati angamulume.

Kusukulu ya pamwamba pa matayala anakwera masitepe osagwedeza chitsulo. Mlembi wa dazi uja anawalandira ndi nsangala zake zomwe zija n'kuwayalira fomu. Anasayina. Kenako mlembiyo anatulutsa phukusi lalikulu lokulungidwa m'pepala lolimba, lomata ndi tepi mbali zonse.

“Awa ndi mabuku a chigawo choyamba. Musayine apa kuti mwalandira. Koma mwina muyambe mwatsegula muone ngati onse alimo, poti tsiku lija munayang'ana mpaka pansi pa matebulo.”

Dzanja la a Tsegulani linali litafika kale m'thumba, pa kampeni kofiira. Linakhala momwemo kanthawi, kenako linatuluka lopanda kanthu n'kutenga cholembera.

“Ngati mwati alimo, alimo,” anatero. “Ndipo tiyi uja, ngati akadalipo, ndimwa.”

Anafika kunyumba dzuwa likadalipo, phukusi lili m'khwapa. Akazi awo anaimitsa makina. Anayang'ana phukusilo, tepi yake yosakhudzidwa, kenako anayang'ana nkhope ya amuna awo, ndipo sanafunikire kuuzidwa kumene achokera.

“Mwaitsegula ija,” anatero.

“Ndaitsegula.”

“Munali njerwa?”

A Tsegulani anaika phukusi pathebulo n'kukhala pansi, jekete osavula.

“Ayi, amayi,” anatero. “Analembamo kuti ndine munthu wokhulupirika.”